Buleki ya winchi ya ku shedi ya ku Chinkhoma: momwe ntchito ikuyendera

Zolemba izi ndikuziika pano kuti a komiti ya gulu la alimi aziona pamene ntchito yafika, komanso kuti mmisiri aliyense amene adzatsegule buleki imeneyi ine kulibe adzapeze manambala, osati mphekesera.

Lolemba

Malo ake ndi shedi yosungiramo mbewu ya gulu lina la alimi, chakufupi ndi Chinkhoma, m'mbali mwa msewu wa M1 ukamachokera ku Kasungu boma kulowera ku Lilongwe. M'shedimo muli winchi yokweza matumba a soya ndi mtedza kupita pa nsanja pomwe pali makina opetera. Pa chikwangwani chake analemba makilogalamu 1,000. Khola lachitsulo lonyamuliramo limalemera lokha pafupifupi makilogalamu 150, ndiye lamulo la pamalopo ndi matumba 16 a makilogalamu 50 pa ulendo umodzi. Mota ndi ya 3 kW, ya mafezi atatu, mavoti 400. Buleki ili kumbuyo kwa mota, m'kati mwa chivindikiro cha fani.

A kapitawo anandilandira ndi madandaulo awiri. "Amisiri, m'mawa imayenda bwinobwino. Ikangokwana cha m'ma 2 koloko imayamba kung'ung'udza, osanyamuka, kenako ovalodi (chotetezera mota) n'kugwa. Ndiye ikamatsika ndi katundu, ukasiya batani siiima pomwepo ayi, imayamba yatsetsereka kaye. Ingoimangitsani basi, soya wayamba kulowa."

Ndinawauza kuti madandaulo awiriwa akukokerana kosiyana. Loyamba likuti buleki ikukana kusiya, lachiwiri likuti ikukana kugwira. Kumangitsa kumodzi sikungachize zonse ziwiri.

Buleki yamtunduwu imagwira magetsi akachoka, imamasuka magetsi akabwera. M'kati mwake muli disiki yokhala ndi layining'i mbali zonse ziwiri, yomwe imazungulira limodzi ndi shafiti ya mota. Kuseri kwa disiki kuli mbale yachitsulo yosazungulira, ndipo kuseri kwa mbaleyo kuli thupi la maginito, momwe muli koyilo (waya wokulungidwa wopanga maginito) ndi masipuling'i. Magetsi kulibe, masipuling'i amakankha mbale, mbale n'kupanikiza disiki, shafiti n'kuima. Munthu akadina batani, koyilo imalandira magetsi, maginito n'kuilanda mbale ija kwa masipuling'i, disiki n'kumasuka. Anachita kuipanga dala chomwechi kuti magetsi akathima katundu ali m'malere asagwe. Kamtunda kamene mbale imayenda kuti ikafike pa maginito ndiko timati mpata. Layining'i ikamadyeka, mbale imatsatira disiki n'kumatalikirana ndi maginito, motero mpata umakula wokha popanda munthu kuukhudza.

Lero sindinamasule bawuti iliyonse. Ndimafuna ndilione vutolo ndi maso anga pa nthawi yake. M'mawa magetsi anali mavoti 398 pakati pa mafezi. Masana, zigayo za pafupi zitayamba kulira ndipo owotcherera zitsulo ali kalikiliki, anatsika kufika pa 371. Cha m'ma hafu pasiti thu winchi inachitadi zija. Kontakita, swichi ya maginito yopatsa mota magetsi, inalowa, mota inang'ung'udza, koma kaphokoso ka "kha!" kamene mbale imachita ikamenya maginito sikanamveke. Mita inapitirira ma amp 30 pomwe chikwangwani cha mota chikuti 6.5. Kumbuyo kwa mota kumatuluka fungo la layining'i yopserera, ndipo chivindikiro sichimagwirika ndi dzanja.

Ndaimitsa winchi. Aganyu asenza matumba pa masitepe, ndipo sanandiyang'ane bwino.

Lachiwiri

Tisanachite china chilichonse tinatsitsa khola mpaka linakhazikika pa simenti, chingwe n'kulefuka. Wina asadzaphonye apa: buleki ikamasulidwa palibenso china chogwira katundu, giyabokosi imangomulondola pansi. Kenako ndinazimitsa swichi yaikulu, n'kuikapo loko, kiyi m'thumba mwanga, n'kuyeza pa mawaya a mota kutsimikiza kuti mulibe moto. Mnyamata amene ndikumuphunzitsa ntchito amati loko ndi mwambo chabe. Pa shedi yodzaza anthu ofuna ntchito ithe msanga, chikwangwani cholembedwa sichiletsa chala.

Tinachotsa chivindikiro, circlip (kamphete kogwira fani) ndi fani. Lamba wa labala wotchinga fumbi kuzungulira buleki tinamupeza atang'ambika theka. M'kati munali phala louma la fumbi la soya, timakoko ta mtedza ndi ufa wakuda wa layining'i. Tinatsuka ndi bulashi ndi nsanza yonyowa pang'ono, pakamwa titamanga. Fumbi la buleki osaliuzira ndi pakamwa, chifukwa malayining'i ena akale anali ndi asbestos ndipo ndi maso sungawasiyanitse.

Pepala la kampani yomwe inapanga bulekiyi likuti mpata woyenera ndi mamilimita 0.3, ndipo usapitirire 0.75. Kuti a komiti amvetse, 0.3 ndi ngati mapepala atatu a m'kope mutawaphatikiza. Poyeza timagwiritsa ntchito fila geji, yomweyi amakanika amayezera matapeti a injini, magetsi ali chozima, kuilowetsa pakati pa mbale ndi thupi la maginito, malo atatu, pafupi ndi bawuti iliyonse. Kuyeza malo amodzi n'kudzinamiza.

Tinapeza 0.70 kumanzere, 0.85 pansi, 0.95 kumanja.

Awiri mwa manambalawa apitirira malire, ndiye nkhani yokana kumasuka yamveka. Mphamvu ya maginito siichepa pang'onopang'ono mpata ukamakula, imagwa mwachangu. Mpata ukawirikiza kawiri, mphamvu yokoka imatsala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi. Koma masipuling'i amakhala akukankhabe.

Chifukwa chake imadikira masana chili pa koyilo. Ndi ya mavoti 180 DC, mawati 40, kutanthauza ma ohm 810 ikazizira (ohm ndi muyezo wa momwe waya ukukanira magetsi). M'mawa uno ndinapeza 835, zomwe zili bwino potengera kutentha kwa m'shedi, ndipo waya wake sunagunde thupi. Koma waya wa kopa ukatentha umavuta kudutsa magetsi: pa digiri iliyonse ma ohm amakwera ndi pafupifupi 0.4 peresenti. Koyilo ikafika madigiri 80 imakhala pa ma ohm pafupifupi 1,000. Rectifier yathu, kachipangizo kosandutsa magetsi wamba (AC) kukhala DC ya koyilo, ndi ya theka, imapereka 0.45 ya zomwe yalandira. Pa mavoti 400 imatulutsa 180, pa 371 imatulutsa 167 basi. M'mawa koyilo imalandira ma amp 0.21, masana otentha 0.17. Mpata ukanakhala 0.3 kusiyana kumeneku sikukanaoneka n'komwe. Pa 0.9 ndi kumene kumalekanitsa kuyenda ndi kung'ung'udza.

Chimene chinandikhalitsa pansi ndi 0.70 uja. Mbale yopanikiza disiki yosalala siyenera kupendekeka chonchi. Ndinaunika ndi tochi ya foni n'kuyang'ana pa chigwiriro chomasulira buleki pamanja. Chigwirirochi chimakoka mbale ndi timabawuti tiwiri, kena mbali iyi kena mbali inayo, ndipo timanati take timayenera kukhala tosakhudza, ndi mpata wakewake womwe pa buleki yathu ndi mamilimita 1.5. Mpata umenewu si ulesi wa amene anapanga. Ndi malo oti mbale iziyendamo potsatira disiki ikamadyeka. Apa kanati ka kumanzere kanali gwa, osasuntha ngakhale pang'ono, ka kumanja katatsala pang'ono kugunda. Ndiye kuti mbali imodzi mbale inali itakoloweka pa kanati, masipuling'i akulimbana ndi kabawuti m'malo mopanikiza disiki.

Ndinamuuza mnyamata kuti agwire geji, ine n'kubweza timanatito. Mbale inamveka "thi", kukhazikika. Titayezanso tinapeza 0.90, 0.90, 0.95. Nambala ija inkaoneka yabwino kuposa zinzake ndi imene inali yoopsa.

A mlonda, omwe akhala pamalopa nthawi yaitali kuposa wina aliyense, akuti chigwirirochi chinkachita phokoso mota ikamayenda, ndiye mmisiri wina anachimangitsa kuti chikhale chete. Chinakhaladi chete. Chikanapitirira chomwecho, tsiku lina kanati kachiwiri kakanagundanso, buleki n'kutsala yongooneka ndi maso, khola la matumba 16 lili pamwamba pa mitu ya anthu.

Madzulo tinatulutsa buleki yonse. Disiki yatsopano imakhala mamilimita 10.0, yotha ntchito 8.0. Yathu pa vernier, chida choyezera makulidwe, ikuonetsa 8.7, ndipo mbali imodzi yachita galasi chifukwa chopsa. Yadyeka 1.3, pomwe mpata wakula ndi 0.6 wokha, kusonyeza kuti inasinthidwapo kale m'mbuyomu, ngakhale palibe pomwe zinalembedwa. Oyilo palibe, silu ya shafiti ndi youma, ndipo apa ndinapuma. Layining'i ikamwa oyilo siichapika, petulo ayi, sopo ayi, imangofunika ina. Mano a pakati pa disiki ndi habu (kachitsulo koilumikiza ku shafiti) akadali bwino, ikuyenda momasuka. Masipuling'i onse ndi ofanana kutalika, palibe yothyoka. Pa nkhope ya mbale ndi ya maginito pali dzimbiri la m'dzinja, popeza winchi imakhala osagwira ntchito kuyambira cha mu Disembala mpaka Malichi.

Lachitatu

Dzimbiri tachotsa ndi sandipepa wosalala wokulungidwa pa kachitsulo kafulati kuti nkhope isachite zigwa. Galasi la pa layining'i tangolipala pang'ono. Girizi sanafike paliponse pafupi ndi disiki, ndipo mnyamata ndinamutuma kukasamba m'manja asanaigwire.

Kasinthidwe ka mpata pa buleki iyi kali motere. Thupi la maginito lamangidwa ndi mabawuti atatu a M6. Bawuti iliyonse imadutsa m'kati mwa kachubu ka mazinga kunja, ka makona 6, komwe amisiri timati silivu. Masilivu ndiwo miyendo yomwe maginito yaimirapo. Ukawalowetsa m'thupi la maginito, miyendo imafupika, maginito imasendera kufupi ndi mbale, mpata n'kuchepa. Pa yathuyi kona imodzi ya silivu imasuntha mpata ndi pafupifupi 0.15. Kuchoka pa 0.9 kufika pa 0.3 ndi makona anayi pa silivu iliyonse.

Silivu ya pansi tinaipeza makona atadyeka, zizindikiro za pulayazi zili mbee. Sipanala wamba samalowa chifukwa malo ndi opanikizika, ndiye ndinatenga yakale n'kuisongola pa gulayinda mpaka inapyapyala, n'kukonza makona awiri a silivu ndi fayilo. Zatheka, koma silivu imeneyo yalowa pa mndandanda wa zogula.

Tinamasula mabawuti atatu theka la kuzungulira, osawachotsa. Pa silivu iliyonse ndinaika kadontho ka penti kuti tisasokoneze chiwerengero. Makona awiri apa, awiri apo, awiri uko, kenako kubwerezanso, m'malo momaliza imodzi kaye, kuti maginito isapendekeke n'kupanikiza mazinga. Tinamanga mabawuti, n'kuyeza. Kuyeza mabawuti ali omasuka n'kutaya nthawi, chifukwa ukangomanga nambala imasintha. Tinapeza 0.30, 0.35, 0.40. Kumasulanso, silivu ya kumanja theka la kona, kumanga, kuyeza. Ntchito yake ndi yomweyo basi, kubwerezabwereza mpaka manambala agwirizane, ndipo amene ali ndi phuma imamukwiyitsa.

Geji imafuna dzanja lofewa. Ya 0.30 izilowa ikukhuza pang'ono mbali zonse, ya 0.40 ikane. Ukaikakamiza ilowa ndithu, chifukwa ukukankha mbale kapena kupinda kachitsulo, ndipo udzalemba nambala yonama. Ndinamusiya mnyamata ayeze yekha maso ali kumbali, azingomva ndi zala, kenako n'kundiuza. Wayamba kuigwira.

Iye yemweyo anafunsa funso labwino. "Abwana, bwanji osangoika pa 0.15 kuti itenge nthawi isanakulenso?" Ndinamuyankha kuti mphwanga, disiki siizungulira mowongoka ndendende, ndipo zitsulo zikatentha zimafufuma. Mpata ukachepa kwambiri mbale imakokedwa ndithu, koma disiki imatsala ikukhuzabe. Imatentha, imadyeka msanga, mota imavutika, ndipo mpata umene umati ukuusunga umakula mofulumira kuposa ukanausiya pa 0.3. Komanso kuchepetsa mpata sikuwonjezera mphamvu yogwira. Mphamvuyo ili mu masipuling'i ndi mu layining'i. Ya buleki yathu ndi 32 Nm (muyezo wa mphamvu yopotoza), pomwe mota ya 3 kW pa liwiro la 1,430 pa mphindi imapereka pafupifupi 20 Nm.

Manambala omaliza, mabawuti atamangidwa pa 10 Nm ndi sipanala yoyezera yomwe ndinabwereka ku galaja ina pa boma: 0.30, 0.35, 0.30. Mpata utakhazikika ndi pomwe tinakonza timanati ta chigwiriro, tonse tiwiri pa 1.5. Dongosolo lake ndi lomweli, mpata waukulu poyamba, chigwiriro pambuyo. Chikuchitanso kaphokoso kake kaja, ndipo ndawauza a kapitawo kuti tsiku limene chidzakhale chete adzandiimbire.

Tisanabwezere fani ndinapatsa magetsi koyilo yokha, mawaya a mota nditawachotsa. "Kha!" kamodzi, momveka bwino. Shafiti ndinaipotoza ndi dzanja pang'ono uku ndi uku, osati kwambiri kuopa kusokoneza chingwe pa mgolo. Ikuyenda mopepuka, palibe pokhuza. Nditazimitsa, yagwira nga.

Labala watsopano palibe, ndiye tadula kaye lamba pa chubu chakale cha njinga yamoto.

Lachinayi

Kuyesa ndi katundu. Anthu onse kutali ndi khola. Tinayamba lopanda kanthu, kenako matumba 4, 8, mpaka 16, ulendo uliwonse kukweza pang'ono chabe kuchoka pansi, kuimitsa, kulemba mzere wa choko pa njanji, n'kudikira. Mzere sunasunthe ngakhale pa matumba 16. Masana magetsi atatsika pa 370 imanyamukabe popanda kudandaula. Vuto loyamba latha, ndipo khola likaima silikukwawa.

Koma potsika ndi matumba 16, kuchokera pomwe chala chasiya batani kufika pomwe khola laima, tinayeza masentimita 14.

A kapitawo sanachedwe. "Mwaonatu amisiri. Ndinanena kuti mumangitse."

Ndinawapempha aime pafupi ndi mota, atseke maso, amvetsere. Kontakita ikamasuka mu paneli imamveka kaye, kenako pamadutsa kanthawi, ndiye buleki n'kumenya. Anamva okha. Buleki ikagwira ikugwira zenizeni, koma ikufika mochedwa. Khola limatsika masentimita pafupifupi 25 pa sekondi, ndiye theka la sekondi lokha ndi mtunda woti munthu auone.

Gwero lake lili m'bokosi la mawaya pa mota. Rectifier ikutenga magetsi pa mabawuti omwewo a mota. Kontakita ikadula, zinthu ziwiri zimachitika. Choyamba, koyilo siitaya maginito nthawi yomweyo. Magetsi amene anali m'kati mwake amapitiriza kuzungulira kudzera mu diode (kachipangizo kodutsitsa magetsi mbali imodzi) ya mu rectifier, n'kumazirala pang'onopang'ono, mbale ili chikokedwere. Chachiwiri, mota yomwe ikukokedwa ndi katundu wotsika siifa pomwepo, imatulutsabe magetsi kwa kanthawi, n'kumadyetsa rectifier yomweyo. Pa makina ngati lamba wonyamula katundu chogona, kuchedwa kumeneku kulibe kanthu, mwinanso n'kwabwino chifukwa amaima mofatsa. Pa chinthu chokweza katundu m'mwamba, dera la koyilo, ndiye kuti njira ya magetsi ake, liyenera kudulidwa ku mbali ya DC.

Rectifier yathu ili ndi malo olumikizira 6: awiri olowera AC, awiri opita ku koyilo, ndi awiri omwe anawasiyira ntchito imeneyi. Pa awiri omalizawa pali kawaya kofupikitsa komwe kamabwera nayo kuchokera ku fakitale. Amene anaika winchi sanakachotse, mwina posafuna kukoka waya wina kuchokera ku paneli. Ndiye kuti kutsetsereka kwina kunalipo chiikireni makinawa, kungoti anthu anakuzolowera mpaka pomwe kanati kaja kanadzakuwonjezera.

Pali kena koseketsa pang'ono apa. Mpata waung'ono umachititsa kuti maginito iumirire mbale nthawi yotalikirapo magetsi akachoka. Ndiye ndikanamvera zomangitsa mpaka 0.15, khola likanatsetsereka kwambiri, osati pang'ono.

Ndalola kuti winchi igwire ntchito ndi matumba 8 okha kufikira titakonza zimenezi. Ndalemba ndi penti pa khola.

Lachisanu

Zofunika: kontakita yaing'ono ya buleki yokha, waya wa mitima iwiri wa 1.5 wokwana mamita 25, silivu imodzi, labala wotchinga fumbi, ndi disiki. Zithunzi za chikwangwani cha buleki ndi miyezo ya disiki ndatumiza pa WhatsApp ku mashopu a zamagetsi ku Lilongwe. Kontakita ndi waya zilipo. Disiki, silivu ndi labala akuti mpaka aitanitse ku Johannesburg.

Amayi osunga chuma cha gulu anandifunsa mosapita m'mbali. "Bambo, mwanena nokha kuti yagwira. Nanga disiki yatsopano ndi ya chiyaninso? Ndalama panopa zili ku soya."

Ndinawalembera pa katoni. Disiki ili pa 8.7, malire ndi 8.0, yatsala ndi 0.7. Kuchoka pa mpata wa 0.3 kufika pa 0.75 idzadyeka 0.45, n'kutsala pa 8.25. Tidzasinthanso mpata kamodzi, koma ulendo umenewo siidzaumaliza. Ndipo tsiku lomwe idzathere lidzakhala la pakati pa ntchito, malole ali pamzere panja, chifukwa disiki siidyeka winchi ili chikhalire. Iwo anayang'ana katoniyo nthawi yaitali, n'kunena kuti akaitengera ku komiti mmene ilili. Anainyamuladi.

Membala wina anapereka nzeru yoti disiki tikaimatitse layining'i ya galimoto pa galaja, akuti ndi yotchipa ndipo mawa lomwe ikhala itatha. Pa ngolo kapena pa chigayo mwina ndikanaganizira. Apa ndakana. Sitidziwa kuti layining'i imeneyo imagwira motani pa mphamvu ya masipuling'i awa, sitingailinganize makulidwe mpaka pa 0.05 ndi zida za pa galaja, ndipo guluu akasiya pa kutentha sachenjeza munthu.

Lolemba la sabata yachiwiri

Katundu wafika pa minibasi, kondakitala anandipatsira pa siteji. Msewu wadzaza malole a mabelo opita ku msika wa fodya, ndipo fumbi lake likulowa mpaka m'shedi.

Kontakita yatsopano taiika mu paneli. Koyilo yake ikulandira magetsi kudzera pa timakontaki tothandizira ta kontakita yokweza ndi yotsitsa, motero iliyonse ikalowa buleki imamasuka, iliyonse ikatuluka, kaya ndi batani, kaya ndi swichi ya malire a pamwamba, kaya ndi ovalodi, buleki imagwira. Kawaya kofupikitsa kaja tachotsa, m'malo mwake mwalowa waya wathu wa mitima iwiri. Ndadutsitsa dera limeneli pa makontaki awiri akuluakulu motsatizana, osati pa kakontaki kothandizira. Kudula DC ya koyilo kumatulutsa moto wokakamira komanso mavoti okwera kwambiri kwa kamphindi. Rectifier ili ndi varistor yomeza zimenezo, koma makontaki ang'onoang'ono amapsabe msanga.

Waya tamuyendetsa mu paipi m'mbali mwa mzati, chifukwa makoswe a m'shedi ya mtedza sasiya pulasitiki.

Kuyesa: matumba 16, potsika, masentimita 3. Tabwereza, 3 yemweyo, ulendo wina 4. Kontakita ndi buleki tsopano zikumveka ngati phokoso limodzi. Pokweza mota ikukoka ma amp 5.9. A kapitawo anatenga batani okha, kuyesa kangapo, n'kungoti, "Iyi ndiye ina." Za kumangitsa sanazitchulenso.

Cha m'ma 3 koloko, winchi itagwira ntchito kuyambira m'mawa, magetsi anali pa 368. Nditazimitsa ndi kuyeza koyilo msangamsanga ndinapeza ma ohm 975. Ikumasuka bwinobwino. Chivindikiro cha fani ndi chofunda, dzanja likukhalapo.

Chimodzi chomwe ndaona nditakhala pa thumba n'kumaonerera: anyamata oyendetsa winchi anazolowera kudinadina batani pofika pa nsanja, kasanu kapena kupitirira, kufunafuna polekezera. Ankatero chifukwa khola silinkaima pomwe akufuna. Kudina kulikonse ndi kunyamuka kwa mota ndi kumenya kwa buleki, ndipo ndi kumene kwadya disiki imeneyi kuposa kulemera kwa matumba. Ndawalembera mzere wa penti pa njanji posiyira batani. Dzanja likuwavutabe, chizolowezi sichichoka tsiku limodzi.

Lachisanu la sabata yachiwiri

Ndabweranso kudzayeza, popeza layining'i yopalidwa imadyeka msanga masiku oyamba isanakhazikike. Khola pansi, loko pa swichi, chivindikiro kuchotsa. Mpata: 0.35, 0.35, 0.30. Timanati ta chigwiriro tikadali ndi malo ake. Mabawuti sanasunthe pa madontho a penti. Lamba wa chubu uja akugwira, koma wayamba kuuma m'mphepete chifukwa cha kutentha, ndipo fumbi pang'ono linalowa. Safika kumapeto kwa nyengo ya mtedza.

Ndakhomera kope m'kati mwa chitseko cha paneli. Tsamba loyamba lili ndi manambala a buleki: mpata 0.3, malire 0.75, chigwiriro 1.5, disiki 8.7 ndi malire ake 8.0, koyilo mavoti 180 ndi ma ohm 810. Masamba otsatira ndi a tsiku, manambala atatu a mpata, ndi amene wayeza. Mnyamata wanga azibwera masabata awiri aliwonse nyengo yogula mbewu ikadalipo. Ndamuuza kuti paliponse pakafika 0.6 asadikire 0.75, andiuze, chifukwa ndi magetsi a kuno masana malire a pa pepala ndi akutali. Manambala a miyezo iwiri kapena itatu akadzaunjikana tidzadziwa kuti disikiyi ikudyeka mofulumira bwanji, ndipo amayi osunga chuma adzakhala ndi mwezi weniweni woti aukonzekere.

Malire a matumba 8 ndafufuta, tabwerera pa 16. A kapitawo apempha kuti poti buleki yalimba tikweze kufika pa 20 kuti malole azichoka msanga. Matumba 20 ndi makilogalamu 1,000, kuphatikiza khola 1,150, pa winchi ya 1,000. Kusintha mpata sikunasinthe chingwe, mbedza, giyabokosi kapena mtanda womwe winchi yapachikikapo. Ndalemba m'kope kuti ayi, ndipo ndikanenanso pamaso pa komiti.

Zotsala: komiti ikumana Loweruka kuti ivomereze ndalama ya disiki, silivu ndi labala. Zikadzafika tidzafuna theka la tsiku winchi itaima, ndipo mpata tidzauyambanso pa 0.3 ndi masilivu atabwezedwa kunja. Chingwe chili ndi timawaya tothyoka pafupi ndi mbedza. Sindinachiwerenge bwino chifukwa kunada, ndiye Lolemba ndiyambira pamenepo.